defmacro kapena syntax-rules: muike iti mu interpreter yanu?

Amene akulemba interpreter yakeyake (pulogalamu yowerenga ndi kuyendetsa code) ya chilankhulo cha pakompyuta cha Lisp sachedwa kufika pamphambano iyi: ma macro ayende ngati defmacro ya Common Lisp, kapena ngati syntax-rules ya Scheme? Common Lisp ndi Scheme ndi mitundu iwiri ya Lisp.

Defmacro siyovuta kuiika. Macro imangokhala function yolandira code n'kubweza code ina, kenako eval, function yomwe imayendetsa code, imapitiriza pomwepo. Madzulo amodzi mwamaliza. Mavuto amayambira pa mayina. Tengani macro ya swap, yosinthanitsa ma variable awiri, yomwe mkati mwake imasungira kanthu mu tmp. Tsiku lina munthu n'kulemba (swap tmp x). Ikatambasulidwa imatuluka (let ((tmp tmp)) (setq tmp x) (setq x tmp)). Palibe chasinthana, ndipo interpreter ili zii, osadandaula n'komwe.

Mankhwala ake ndi gensym, yomwe imapereka dzina loti palibenso wina ali nalo. Komatu iyi yangotseka khomo limodzi. Macro ikamadalira function ya list, wina n'kupanga variable yake yotchedwanso list, macro ija imatola ya iyeyo. Common Lisp imapulumukako chifukwa mayina a ma function ndi a ma variable amasungidwa padera. Ngati interpreter yanu imaika zonse m'tebulo limodzi, mwagwidwa.

Syntax-rules imatseka makomo onse awiri. Maganizo amenewa, oti mayina a m'macro asasakanikirane ndi a woigwiritsa ntchito, amatchedwa hygiene. Anawafotokoza Eugene Kohlbecker ndi anzake mu 1986, ndipo mu 1998 R5RS, chikalata cha malamulo a Scheme, inalamula kuti Scheme iliyonse ikhale ndi syntax-rules. Wolemba macro amagona tulo. Thukuta limakhala lanu olemba interpreter, chifukwa dzina palokha silikwaniranso, liyenera kunyamula chizindikiro cha komwe linabadwira. Kuti muone kuuma kwake, mu 2016 Matthew Flatt anali akufotokozabe njira yatsopano ya sets of scopes yochitira hygiene mu Racket, chilankhulo chochokera ku Scheme.

Ine pa interpreter yaing'ono ndimatsata Clojure, mtundu winanso wa Lisp. Mukalemba tmp# mkati mwa syntax-quote (chizindikiro cha ` cholembera code yomwe macro ibweze), gensym imachitika yokha, ndipo list imasanduka clojure.core/list. Si hygiene yathunthu, koma ntchito yake ndi yochepa kwambiri.

Mulimonse mwasankhamo, musamasunge ma macro m'tebulo lapadera lomwe eval imayang'ana poyamba. Aikeni mu environment, tebulo momwe muli mayina enawo. Mukapanda kutero, munthu akatcha function yake yamkati kuti when, macro ya when imailanda malo, ndipo uthenga wa error umaloza mzere umene ulibe cholakwika.