Ulendo wa tsiku limodzi kuchokera ku York kupita ku North York Moors ndi Whitby: nyenyezi 4 pa 5

Nyenyezi yachisanuyo yachoka chifukwa cha kagawidwe ka nthawi, osati chifukwa cha malo kapena dalaivala. Ulendowu, wochokera mumzinda wa York kumpoto kwa England kupita ku mapiri a North York Moors ndi ku Whitby, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, ndi wa minibasi ya mipando 16. Imanyamuka pafupi ndi siteshoni ya sitima ya ku York cha m'ma 9 koloko m'mawa, n'kubwerako cha m'ma 6 koloko madzulo. Pa maola 9 amenewo, pafupifupi 4 mumathera pampando, ndipo otsalawo amagawidwa pa malo 6 kapena 7. Amene angamvetse masamu amenewa asanalipire adzasangalala. Amene akuganiza kuti akakhala ku Whitby tsiku lonse adzabwerako akudandaula.

Ndalama yomwe mumalipira ndi ya mpando ndi ya dalaivala, yemwe ndiyenso wofotokoza malo kudzera pa maikolofoni akuyendetsa. Chakudya, tikiti yolowera ku Whitby Abbey (mabwinja a nyumba yakale ya amonke) ndi tikiti ya sitima yamalasha n'zapadera, pokhapokha pepala lanu lakubukitsa litanena kuti zili momwemo. Ngati cholinga chanu ndi Whitby yekha, musavutike ndi ulendowu: basi ya Coastliner nambala 840 imachoka ku Leeds, kudutsa ku York, Malton ndi Pickering mpaka ku Whitby pa mtengo wotsika kwambiri. Chimene minibasi imapambanira ndi timisewu ta pamwamba pa mapiri, momwe mabasi akuluakulu sadutsa kawirikawiri, komanso kuima pamalo pomwe palibe siteji.

M'galimotomo mulibe chimbudzi, ndipo malo a katundu ndi a kachikwama koika pamiyendo basi. Fikani mphindi 15 nthawi isanakwane, chifukwa mipando sailemba manambala. Amene amachita mseru pa ulendo akhale m'mizere iwiri yakutsogolo, ndipo mankhwala amwe asanakwere, osadikira kuti mutu uyambe kuzungulira. Msewu wochokera ku Hutton-le-Hole kutsikira m'chigwa cha mtsinje wa Esk ndi wokhotakhota, wokwera ndi kutsika, ndipo mpando wakumbuyo kwenikweni umadumpha pa zitsulo zotchingira nkhosa zomwe anaziyala m'misewu. Kumbuyoko mawu a dalaivala amamvekanso movuta mafani akayatsidwa. Muuzeni msanga akweze, amakweza.

Poima poyamba ndi Helmsley, tauni ya msika, mphindi 30. N'zokwanira kupita kuchimbudzi, kugula khofi ndi kuona mabwinja a linga lakale muli patali. Lachisanu pamakhala msika pabwalo lapakati, choncho minibasi imaima chapatali pang'ono. Ku Hutton-le-Hole mumapatsidwa mphindi 20 zoona kamtsinje kodutsa pakati pa mudzi ndi nkhosa zodya msipu pakhomo pa nyumba za anthu. Ryedale Folk Museum, nyumba yosungira zinthu zakale za m'derali, ili pomwepo, koma nthawiyo sikulolani kulowa. Yang'anani poponda, ndowe za nkhosa zili paliponse ndipo nsapato zake mukwera nazo m'galimoto momwe muli anthu ena.

Chomwe chimabweza ndalama yanu ndi msewu wa Blakey Ridge. Ukangochoka m'mudzimo, mitengo ndi mipanda zimatha, n'kutsala mtunda wotambalala wokutidwa ndi katchire kakafupi kotchedwa heather, chigwa cha Farndale kumanzere, cha Rosedale kumanja. Amene anafikako ku Nyika adzaona kufanana kwake: thambo lalikulu, mapiri oyalana opanda mitengo, ndi mphepo yosapuma. Dera lonseli linakhala paki yotetezedwa mu 1952 ndipo ndi lalikulu masikweya kilomita oposa 1,400. Pa nyumba ya alendo ya Lion Inn mumakhala muli pamtunda wa mamita pafupifupi 400, ndipo kumazizira madigiri angapo kuposa ku York ngakhale tsiku la dzuwa. Chakumunsi kumbali ya Rosedale kumaoneka mzere wa njanji yakale yomwe inkanyamula miyala ya chitsulo kuyambira mu 1861 mpaka mu 1929, pamodzi ndi mabwinja a ng'anjo zootchera miyalayo. Dalaivala wodziwa ntchito amaima pomwe izi zikuoneka bwino, kenako pafupi ndi mtanda wamwala wa Young Ralph, womwe ndi chizindikiro cha pakiyo.

Koma zithunzi za pa intaneti zisakupusitseni. Mtundu wapepo wa maluwa a heather umaoneka kuyambira chapakati pa Ogasiti mpaka kumayambiriro a Seputembala basi. Miyezi ina yonse tchireli limakhala lofiirira, ndipo kuyambira Novembala mpaka Marichi limaoneka ngati lauma. Mudzaonanso zigamba zamakona anayi, zina zakuda zina zobiriwira. Si matenda: alonda a minda ya alenje amawotcha kapena kudula tchire lokalamba kuti liphuke lanthete, chakudya cha mbalame za grouse zomwe nyengo yozisaka imayamba pa 12 Ogasiti. Za kuwotchaku pali mkangano waukulu ku England, chifukwa pansi pa tchirelo pali dothi lakuda losunga madzi lomwe likagwira moto limanyeka masabata ambiri. Dalaivala wathu anafotokoza mbali zonse ziwiri mosakondera, ndipo tinaziyamikira. Mukatsika kukajambula, yendani m'tinjira momwe ena adutsa kale. M'tchiremo muli nkhupakupa, makamaka kuyambira Epulo mpaka Okutobala, choncho thalauza lalitali lolowetsa m'sokosi ndi labwino kuposa kabudula. Ambulera ilibe ntchito kumeneko, mphepo imaitembenuza. Tengani jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa.

Ku Whitby mumafika cha m'ma 12:30 ndipo mumapatsidwa maola awiri ndi theka. Apa m'pomwe tsiku limakoma kapena kuonongeka. Tauniyi inagawidwa pakati ndi mtsinje wa Esk, ndipo pakatikati pa tauni pali mlatho umodzi wokha wolumikiza mbali ziwirizi, wa mu 1909, wopapatiza, womwe umatseguka kuti maboti adutse madzi akadzaza. Ukatseguka mumaima mphindi 10 kapena kuposerapo, ndipo anthu amaunjikana mbali zonse. Ambiri amene amachedwa kubwerera ku minibasi amakhala atakodwa pamenepa. Kum'mawa kwa mtsinje kuli Church Street, masitepe 199, tchalitchi cha St Mary ndi Abbey. Kumadzulo kuli Pier Road komwe kuli malo ambiri odyera nsomba, mchenga wa kunyanja, ndi West Cliff komwe kuli chipilala cha woyenda panyanja wotchuka Captain James Cook ndi chipata cha mafupa a nsagwada za namgumi. Mbali zonse ziwiri simungazimalize bwino pa mphindi 150. Sankhani imodzi.

Ife tikuti sankhani kum'mawa, ndipo m'mawa momwe pemphani dalaivala akutsitseni pamwamba, pamalo oimika magalimoto a ku Abbey, kuti masitepewo muwatsike m'malo mowakwera. Si onse amene amavomera, koma wathu anavomera, ndipo zimenezi zimapulumutsa mphindi pafupifupi 25 ndi mawondo omwe. Abbey imayang'aniridwa ndi English Heritage, bungwe losamalira malo akale. Nyumba yoyamba ya amonke pamalopa inakhazikitsidwa mu 657, mtsogoleri wake ali Hilda, ndipo mu 664 panachitikira msonkhano womwe unagamula kuti tchalitchi cha mu ufumu wakale wa Northumbria chizitsata Roma powerengera tsiku la Pasaka. Makoma omwe aima lerowa ndi a nyumba ina yam'mbuyo, yomwe mbali yake yaikulu inamangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1200, n'kutsekedwa mu 1539 pa ulamuliro wa Henry VIII. Mu Disembala 1914 zombo zankhondo za ku Germany zinaombera tauniyi ndipo zinagumula mbali ya khoma lakumadzulo. Mphindi 45 zimakwana kuzungulira mabwinjawo ndi kachipinda ka zinthu zakale. Amene sakufuna kulipira akhoza kuona mbali yakumwamba ya makomawo ali kunja kwa mpanda, n'kupita ku St Mary komwe kumanda kwake kumaoneka doko lonse. Mlembi Bram Stoker anakhala ku Whitby mu 1890 ndipo manda amenewa ndi masitepewo analowa m'buku lake la Dracula la mu 1897, lonena za woyamwa magazi amene amasanduka mleme, n'chifukwa chake mashopu ambiri adzaza ndi mileme yapulasitiki.

Masitepewo ndi amwala, ali ndi chogwirira, ndipo ali ndi popumira pokhala ndi mabenchi. Mvula ikagwa amaterera m'mphepete momwe anaperepeseka. Kanjira kamiyala kotsetsereka komwe kali pambali pake musakayese ndi kangolo ka mwana. Mukafika pansi, kumanja kuli Henrietta Street komwe a shopu ya Fortune's akhala akuwamba nsomba ndi utsi kuyambira mu 1872. Fungo lake mumalimva musanaone chitseko. Mukagula, pemphani azikulunge kawiri ndipo muike m'pulasitiki yomanga bwino, chifukwa kukadali maola ambiri a m'galimoto. Mu Church Street muli mashopu a jet, mwala wakuda wochokera ku mitengo yakalekale, womwe unatchuka Mfumukazi Victoria atauvala pa maliro a mwamuna wake amene anamwalira mu 1861. Weniweni ndi wopepuka ndipo sazizira m'manja ngati galasi. Wotsika mtengo kwambiri muukayikire. Nyumba yomwe James Cook ankakhala akuphunzira ntchito ya pa zombo kuyambira mu 1746 ili mu Grape Lane pafupi ndi mlatho, ndipo pano ndi nyumba yosungira mbiri yake.

Za chakudya: nsomba ndi tchipisi za ku Whitby n'zokomadi, zamtundu wa cod kapena haddock, koma kukhala pansi m'lesitilanti yotchuka pakati pa 12:30 ndi 2 koloko kukudyerani ola lathunthu, mzere wokha mphindi 20 kapena 30 nthawi ya holide ya ana asukulu. Gulani zonyamula. Malo ambiri amakazinga ndi mafuta a ng'ombe, choncho osadya nyama afunse kaye. Mukamadya panja, tsamirani khoma ndipo bokosi likhale lotseka theka. Mbalame za kunyanja za kumeneko zimabwerera kumbuyo kwa phewa, kutsomphola nsomba yonse n'kuuluka, ndipo zimakonda ana ndi anthu amene akweza foni m'mwamba.

Robin Hood's Bay ndi pomwe nyenyezi ija inathothokera. Mudziwu uli makilomita pafupifupi 9 kummwera kwa Whitby, ndipo ndi wokongola kwambiri: tinyumba ta madenga ofiira tothinana pamtsetse, tinjira topapatiza momwe kale ankabisamo katundu wozembetsa msonkho. Vuto n'loti magalimoto a alendo amaima pamwamba, ndipo kutsika mpaka kunyanja n'kwa mphindi 10, kukwera 15 kapena 20 kwa munthu wosazolowera. Pa mphindi 45 zomwe tinapatsidwa, zotsala zoonera mudziwo ndi zochepa zedi. Nyanja ikaphwa pamaoneka miyala yoyalana ndi timaiwe ta nkhanu, koma ikadzaza madzi amafika mpaka pakhomo pa mudzi ndipo palibe poyenda. Onani ndandanda ya madzi ya tsikulo musanabukitse. Kampani yoyendetsa ulendowu ikanachotsa Helmsley n'kuwonjezera mphindi zimenezo kuno.

Pobwerera pali Goathland, mphindi 25. Siteshoni yake ndi yomwe inaoneka ngati Hogsmeade mu filimu yoyamba ya Harry Potter, ndipo mudziwo ndi womwe unali Aidensfield mu sewero la pa TV la Heartbeat. Njanjiyi inakonzedwa ndi George Stephenson, inatsegulidwa mu 1836 ngolo zake zikukokedwa ndi mahatchi, inatsekedwa mu 1965, ndipo anthu odzipereka anaitsegulanso mu 1973 ngati North Yorkshire Moors Railway. Maulendo ena amakulolani kukwera sitima kuchokera ku Grosmont kufika ku Goathland, mphindi pafupifupi 15 pa chikweza cholimba chomwe injini imachita kubuula. Dziwani zinthu ziwiri. Sitimazi siziyenda tsiku lililonse m'miyezi yozizira, ndipo kukauma kwambiri amaika injini ya dizilo poopa kuti makala angayatse tchire. Chachiwiri, nthawi ya sitimayo imadulidwa ku nthawi ya ku Whitby kapena ya ku Robin Hood's Bay. Funsani kuti idulidwa kuti.

Pa msewu wa A169 mudzaona chinyumba chooneka ngati piramidi yoduka nsonga, ndiyo radar ya asilikali ya RAF Fylingdales. Kenako pali Hole of Horcum, chidzenje chakuya mamita pafupifupi 120. Nthano imati chimphona china dzina lake Wade chinatapa dothi pamenepo kuti chigende mkazi wake, koma zoona zake n'zakuti akasupe anakokolola nthakayo pang'onopang'ono kuchokera pansi. Malo oimika galimoto ali tsidya lina la msewu, ndipo magalimoto amathamanga pamenepo, gwirani ana dzanja. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, choncho malowa mumafikapo kutada pokhapokha dalaivala atembenuze njira n'kuyambira kuno.

Chifunga cha kunyanja chimatha kukuta Whitby ngakhale ku York kukuwala dzuwa, makamaka kuyambira Epulo mpaka Julayi, ndipo ulendo sauimitsa chifukwa cha zimenezo. Loweruka ndi Lamlungu a m'chilimwe msewu wa A64 umadzaza pobwerera ku York, choncho tikiti ya sitima yopita ku Leeds, Manchester kapena London ikhale ya 7 koloko kapena kupitirira. Masiku a chikondwerero cha nyimbo ndi zovala cha Whitby Goth Weekend, chomwe chimachitika kawiri pachaka, ndi a mipikisano ya maboti ya Regatta mu Ogasiti, mlatho uja umachita kusowa popondera. Kwa agogo kapena aliyense wovutika kuyenda, mapiri, Goathland ndi mbali ya kudoko ya Whitby n'zotheka, koma ku Robin Hood's Bay akhale pamwamba pomwe pali mabenchi oyang'ana kunyanja. Njinga ya anthu aulumali ndi mpando wa mwana wamng'ono muzinene pobukitsa, chifukwa m'mawa wa tsikulo dalaivala sangachitepo kanthu. Tsiku labwino kulisankha ndi la mkati mwa sabata, sabata yoyamba ya Seputembala, ana atabwerera kusukulu koma tchire likadali ndi maluwa.