Samaria kapena Imbros: mpata uti umene mawondo anu angaupirire ku Crete?

Mukangofika ku Chania, kumadzulo kwa chilumba cha Crete m'dziko la Greece, dzina la Samaria limakulonjerani musanatule n'komwe chikwama. Lili pazikwangwani za makampani onyamula alendo, lili pakamwa pa wolandira alendo kuhotela. Imbros ndiye amangomutchula mwapatalipatali, ngati mwana wamng'ono m'banja la munthu wotchuka. Ine ndadutsamo monse muwiri, ndipo anzanga ofuna kupita kumeneko akandifunsa, funso langa loyamba limakhala lakuti: kodi mawondo anu ali bwanji?

Malo onse awiriwa ndi mipata, pamene madzi anang'amba thanthwe n'kusiya njira yopapatiza pakati pa makoma aatali, monga mmene Shire anachitira pa Mpatamanga. Yonse ili m'mapiri a Lefka Ori, kutanthauza Mapiri Oyera, amene nsonga yake yaitali, Pachnes, ndi mamita 2,453. Sapitwa wathu wa mamita 3,002 amaiposa, koma zimenezo zisakunyengeni. Kuno simukwera, mukutsika, kuchokera kumapiri kupita kugombe la kum'mwera loyang'ana ku Libya, ndipo kutsika kuli ndi ululu wakewake.

Samaria ndi ulendo wa makilomita 16: makilomita 13 m'kati mwa malo otetezedwa, kenako ena 3 kukafika pamudzi wa Agia Roumeli. Mumayambira pa Xyloskalo, m'mphepete mwa chidikha cha Omalos, pamalo okwera mamita oposa 1,200. Basi ya kampani ya KTEL imanyamuka ku Chania m'mamawa kwambiri, ndipo pamwambapo mphepo imaluma ngakhale m'miyezi yotentha, choncho juzi musaisiye. Kutsogolo kwanu kumaima phiri la Gingilos, thanthwe lotuwa lopanda mtengo, kenako njira imangoti gwe kutsika mokhotakhota m'nkhalango ya paini ndi mitengo ya mtundu wa mkungudza. Fungo lake likakukumbutsani Mulanje simunalakwe, pakuti mitengoyo ndi yapachibale ndi mkungudza wathu.

Makilomita oyambirirawo ndi amene amalanga. Anthu amathamanga poganiza kuti kutsika n'kosavuta, ndiye pofika pakatchalitchi ka Agios Nikolaos ntchafu zayamba kale kunjenjemera. Zala zakuphazi zimagunda kutsogolo kwa nsapato kambirimbiri, ndipo amene sanawenge zikhadabo amazindikira mochedwa. Mukamaliza kutsetserekako simupumanso kwenikweni, chifukwa chotsala ndi kuyenda pamiyala ya mumtsinje, ina yogwedera, ina yoterera. Kwa maola 5 mpaka 7 maso amakhala pansi, kusankha pamene phazi liponde. Ndinaseka ndekha nditazindikira kuti ndabwera kutali chonchi kudzaona miyala ya pansi pa mapazi anga.

Koma mukaima n'kudzutsa mutu, ha! Chapakati pa ulendo pali mabwinja a mudzi wa Samaria, umene anthu ake anasamutsidwa mu 1962 pamene boma linasandutsa dera lonseli kukhala malo otetezedwa. Dzinalo linachokera ku katchalitchi ka Osia Maria kamene kali chapomwepo. Pamabwinjapo ndi pamene anthu ambiri amadyera kamba wawo, ndipo ndi pomwenso mungakumane ndi kri-kri, mbuzi yam'tchire ya ku Crete imene malowa anakhazikitsidwira kuti isathe. Kutsogolo, makoma amayamba kuyandikirana mpaka pa Portes, kutanthauza zitseko, pamene mpata umatsala mamita atatu kapena anayi okha m'lifupi koma makoma n'kutalika pafupifupi mamita 300. Mphepo imawomba pamenepo ngati ikudutsa pakhomo, ndipo madzi amayenda m'munsi mwa timilatho ta matabwa. Ichi Imbros alibe, ndipo ndisakunamizeni kuti ali nacho.

Samaria amasamalidwa bwino. Muli akasupe a madzi akumwa m'njira, ndiye botolo limodzi lodzazanso likukwanirani. Muli zimbudzi, alonda, ndi nyulu zonyamula wovulala. Tikiti imene mwagula polowera muisunge, amaifuna potulukira kuti adziwe ngati wina watsala m'kati. Koma amatsegula kuyambira Meyi mpaka Okutobala basi, ndipo kukagwa mvula kapena kukawomba mphepo yamphamvu amatseka, poopa madzi osefukira ndi miyala yogwa. Kumbukirani kuti nyengo zawo n'zosemphana ndi zathu: Juni, Julayi ndi Ogasiti ndiyo miyezi ya dzuwa loswa mtengo, mvula imagwa m'nyengo yozizira.

Chimene makampani aja sanena mokweza n'chakuti ku Agia Roumeli kulibe msewu wotulukira. Potuluka ndi pa boti, kupita kumidzi ina ya pagombe, Hora Sfakion kapena Sougia, kenako basi yobwerera ku Chania. Boti limene anthu ambiri amakwera limanyamuka chakumadzulo, ndipo likakusiyani mugona komweko. Choncho ulendo wonse mumayenda wotchi ili m'mutu, muli pamzere ndi khwimbi la anthu otsika m'mabasi, ndipo ku Chania mumafikako usiku. Tsiku lonse latha, ndipo mawa lake masitepe a kuhotela amasanduka mdani.

Imbros ndi pafupifupi makilomita 8, kuchokera pamudzi wa Imbros, umene uli pamsewu wopita ku Hora Sfakion, kukatulukira pamudzi wa Komitades. Maola awiri kapena atatu mwamaliza. Kutsika kwake n'kwapang'onopang'ono, moti mabanja amayendamo ndi ana a kupulayimale. Makoma ake si aatali ngati a Samaria, koma kupapatiza ndiye amamuposa: pali malo osakwana mamita awiri m'lifupi, pamene mukatambasula manja mumatsala pang'ono kukhudza mbali zonse ziwiri. Njira imakhota ngati njoka pakati pa matanthwe osalala, dzuwa n'kumangolowa mwa apo ndi apo. Chakumunsi pali thanthwe lobooka ngati chipata lotchedwa Xepitira.

Chimene chinandigwira mtima ku Imbros ndi mbiri yake. Msewu wa tala usanabwere, anthu a ku Sfakia, dera limene kuli Hora Sfakion, ankadutsa muno ndi nyulu zawo popita kumpoto, ndipo m'malo ena miyala imene anayala ikuonekabe. Kumapeto kwa Meyi 1941, pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a Germany atalanda bwalo la ndege la Maleme, asilikali zikwizikwi a Britain, Australia ndi New Zealand anathawa chapansi kudutsa mapiri amenewa, n'kutsikira m'dera la Imbros kukafika ku Hora Sfakion, kumene sitima zankhondo zinkawatenga usiku kupita nawo ku Egypt. Ambiri anatsala pagombe n'kugwidwa ukaidi. Mukamadandaula ndi matuza muli ndi nsapato zabwino ndi madzi m'chikwama, ganizo la anthu anjala ndi ludzu aja limakutsekani pakamwa. Samaria nayenso ali ndi gawo lake pankhondoyo: Mfumu George II ya Greece inathawira mumpatawo mwezi womwewo, n'kukakwera sitima kugombe la Agia Roumeli.

Zofooka za Imbros zilipo. Musayembekezere kasupe, nyamulani madzi okwanira. Nthawi zambiri pansi pake ndi pouma, ndiye phokoso la mtsinje simulimva, mumangomva mabelu a mbuzi za anthu. Komanso mukasiya galimoto kumtunda, ku Komitades muyenera kulipira takisi kapena kapikapu kokubwezani, ndipo mtengo muumve musanakwere. Ubwino wake ndi wakuti anthu amayendamo chaka chonse, kupatula masiku a mvula yamphamvu pamene mpata uliwonse ndi msampha. Kwa abale athu okhala ku Britain amene amapeza ndege zotsika mtengo mu Epulo, Samaria amakhala asanatsegule, ndiye Imbros ndiye alipo.

Pali njira ziwiri za pakati. Mutha kupita ku Agia Roumeli pa boti m'mawa, n'kulowa mu Samaria wapansi mpaka pa Portes n'kubwerera. Eniake amati ndi njira ya alesi, koma zitseko zija mwaziona. Kapena Agia Irini, mpata wa makilomita pafupifupi 7 wotulukira chakufupi ndi Sougia, wa mthunzi wambiri ndi anthu ochepa.

Nanga ndisankhe uti? Ngati munakwerapo Mulanje n'kutsika osalira, muli ndi tsiku lathunthu ndi lina lopumula, pitani ku Samaria, ndipo mutenge ndodo ziwiri zoyendera. Kukula kwake kulibe chofanana nacho pachilumbachi. Koma ngati muli ndi ana, muli ndi mayi kapena bambo achikulire, bondo linakuvutanipo, kapena masiku anu ku Crete ndi atatu okha, Imbros sakuberani. Ineyo nditati ndibwererenso mawa, ndikalowa ku Imbros m'ma 8 koloko mabasi asanafike. Pofika masana ndili ku Hora Sfakion, ndasambira kale m'nyanja, ndikudya sfakiani pita, chikondamoyo chopyapyala cha tchizi chofewa chimene amathira uchi pamwamba, uku ndikudikira boti la ku Agia Roumeli kuti ndione mmene anthu a ku Samaria akutsikira padoko, akukoka miyendo.