Sienta ya hayala kuchokera pa Kamuzu Road kukafika ku Cape Maclear

Ngati muli kuno ku Salima ndipo mukufuna kukaona Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, makamaka muli ndi ana kapena munthu wachikulire, chitani hayala Sienta imodzi mugawane mtengo. Ndikunena izi ngakhale adalaivala amene anatitenga ife anandipsetsa mtima panjira, ndipo ndifotokoza pomwe panavuta.

Vuto la ulendowu n'lakuti palibe basi yoti mungakwere pa depoti ya Salima n'kukatsikira ku Cape Maclear. Woyenda yekha amakwera minibasi ya ku Balaka, yomwe siinyamuka mpaka itadzaza, n'kukatsika pa Golomoti. Pamenepo amadikira ina yolowera ku Monkey Bay, kenako pa mphambano yokhotera ku Cape Maclear amagwira kabaza wa njinga yamoto kapena matola. Mnyamata wachikwama chimodzi zimenezi n'zosavuta, ndiponso zimatsika mtengo. Koma ife tinali ndi apongozi anga omwe bondo limawavuta, mlamu wanga, bambo a kunyumba, ana awiri, kuphatikiza kontena ya mpunga ndi nkhuku. Apongozi pa njinga yamoto m'mapiri aja? Ayi ndithu.

Adalaivalawa tinawapeza pa siteji ya pa Kamuzu Road kudzera mwa mlamu wangayo. Zabwino zawo ndiyambe nazo, poti zilipo. Tinapangana kunyamuka mbandakucha, iwo anafika pakhomo tisanamalize n'kumwa tiyi komwe. Galimoto inali yotsuka, matayala abwino, lapadera lilipo ndi jeke yake, ndipo ndinachita kuona ndi maso anga chifukwa ine za "zilipo mayi" sindizikhulupirira. Chachikulu koposa, mafuta anali atathira dzulo lake. Aliyense amene wagonapo pa mzere wa pa filing'i siteshoni akudziwa kuti dalaivala wobwera ndi thanki yodzadza ndi munthu wolongosoka. Ena amakutengani kaye n'kumakayamba kusaka petulo wa m'zigubu muli m'galimoto momwemo.

Kayendetsedwe kawonso sindingakanyoze. Msewu wa M5 kudutsa pa Chipoka ndi Mtakataka uli ndi malo ena okumbika, komanso njinga ndi mbuzi zimangotulukira, koma iwo sankathamanga ngati akupikisana ndi wina. Foni ikalira ankaisiya. Titayandikira pa Mua anafunsa okha kuti, "Mayi, ana'wa anaonapo zigoba za gule za ku KuNgoni? Tikhote pang'ono, si patali." Tinakhota. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo malo a za chikhalidwe a KuNgoni anawayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976. Ana anakodola maso, apongozi n'kumangoti zina sizoyenera kuonetsa ana. Pa kukhotako adalaivala sanawonjezere ngakhale tambala.

Tsono pa Golomoti m'pomwe zinayambira. Tinaima kuti tigule madzi, pobwerera tinapeza bambo wina wakhala kale kumbuyo, thumba lake la makala akulimangirira kukhomo la buti. Sienta ili ndi mipando isanu ndi iwiri, ife asanu ndi mmodzi kuphatikiza adalaivala ndiye kuti yadzadza, ndipo mpando wa kumbuyo ukadzutsidwa malo a katundu amatsala pang'ono zedi. Ndinafunsa kuti kodi awa ndi ndani. "Ndi achibale mayi, atsikira pompano." Pompano pakepo panali kutali, mwana wanga wamng'ono anayenda atakhala pamiyendo pa azakhali ake. Galimoto ya hayala ndi ya amene walipira. Ukayamba kunyamulamo a matola ndiye kuti ukudya pawiri, ndipo ndinawauza choncho.

Chachiwiri chinandiwawa kwambiri. Titafika pa mphambano, tisanalowe m'tauni ya Monkey Bay, anaimika galimoto n'kunena kuti mtengo tinagwirizana uja unali wofikira ku Monkey Bay, za ku Cape Maclear n'zapadera chifukwa msewu wake umadya mafuta. N'zoona kuti kuchoka pamenepo pali makilomita pafupifupi 18 okhotakhota m'mapiri. Koma kuyambira tsiku loyamba tinkanena Cape Maclear, dzina la Monkey Bay silinatuluke pakamwa pathu. Bambo a kunyumba anayamba kukweza mawu. Anatha nkhani ndi apongozi, omwe anangoti, "Mwana wanga, pakhomo paja unamva kuti tikupita kuti?" Adalaivala anaseka mwamanyazi n'kuliza galimoto. Komabe madzulo tinawonjezera kangachepe ka kudikira, poti ka kameneko ndiye sitinakambirane, ndipo munthu anakhaladi tsiku lonse padzuwa.

Msewu wa m'mapiriwo ndi wokongola, milambe ndi miyala ikuluikulu mbali zonse. Adalaivala anatiimika pa Mwala wa Mphini, chimwala chokhala ndi mizere ngati mphini zomwe agogo athu ankatema kumaso. Anatichenjezanso kuti tikaimika galimoto titseke mawindo onse chifukwa anyani a kumeneko saopa munthu. Sananame: tinaona wina akuthawa ndi jumbo ya mabanzi ya anthu ena.

Pageti la paki pamalipiridwa, ndipo Mmalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja, choncho tengani chiphaso cha unzika ndipo lisiti musaisiye. Galimoto nayo ili ndi mtengo wake, izi mukambirane msanga kuti alipire ndani. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Ambiri akamva kuti paki amaganiza njovu ndi mikango ngati ku Liwonde. Kuno chuma chake chili m'madzi: mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, tomwe mitundu yake yambiri siipezeka kwina kulikonse koma m'nyanja yathuyi. N'chifukwa chake kuwedza n'koletsedwa pamtunda wa mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo a paki, ngakhale mudzi waukulu wa asodzi wa Chembe uli pomwepo, usipa uli mbwee pa matandala.

Apongozi, monga mayi wa Mvano, chomwe ankafuna n'kuona manda a amishonale. Mishoni ya Livingstonia inayambira pamalo pano mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gululo, koma malungo anawasautsa mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe komwe ili lero. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Manda a amishonalewo ndi ochepa, ali phee pansi pa mitengo, ndipo munthu wa bondo lovuta amafikapo bwinobwino. Ku Otter Point ndiye kuli miyala yoterera, apongozi anatsala pamthunzi ndi adalaivala akukambirana za mitengo ya feteleza ngati sanakanganepo m'mawa.

Za maboti ndinene pang'ono, ngakhale si mbali ya hayala. Anyamata a maboti amakuzungulirani mukangotsika, aliyense ndi mtengo wake. Adalaivala anatilozera mmodzi yemwe amamudziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti analandirapo kena kake, koma botilo linali ndi majekete oyandamitsa okwanira tonse, ana omwe. Popanda majekete musakwere, mtengo utsike bwanji. Anatipititsa ku chilumba cha Thumbi, ana anavala magalasi a m'madzi n'kuona mbuna zikuwazungulira m'miyendo. Pobwerera mnyamatayo anaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi inatsika kuchokera mumtengo n'kuiwakha. Ine wobadwira ku Senga Bay nkhwazi ndaziona kuyambira ndili wamng'ono, komabe ndinakuwa nawo.

Pali china chomwe anthu a kuno ambiri sadziwa. Zilumba za Maleri, zomwe zili kufupi ndi gombe lathu lomwe lino la Salima, ndi mbali ya paki yomweyi. Ngati cholinga chanu ndi kungoona mbuna basi, boti la ku Senga Bay likukwanirani, ndalama ya hayala isungeni. Ku Cape Maclear mupitireko mapiri, manda aja, Chembe ndi madzi oyera a pa Thumbi. Ena amafunsa zodutsa panyanja pa boti kuchokera ku Senga Bay mpaka ku Cape Maclear. Pamapu pamaoneka pafupi, koma nyengo ya mwera, cha m'ma June ndi July, ine ana anga sindingawakweze.

Pobwerera adalaivala anaumirira kuti tinyamuke dzuwa likadalipo, ana akulira kuti asambire kaye. Apa ndinali mbali yawo. M5 usiku ndi woopsa, njinga zopanda nyale ndi ngolo zimangoonekera mwafika kale. Mdima unatipeza titadutsa pa Chipoka, ndipo ulendo wobwererawu sananyamule wachibale wina aliyense.

Ndingawatengenso? Eya, chifukwa woyendetsa modekha ndi wosunga nthawi ndi wosowa pa siteji paja. Koma ulendo wina zonse zidzalembedwa pa WhatsApp tisananyamuke: kuti tikukafika ku Cape Maclear pageti la paki, kudikira ndi zingati, ya galimoto pageti alipira ndani, ndiponso kuti m'galimoto simukwera munthu wina. Theka la ndalama ndidzatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, lotsalalo adzalandira atatitsitsa pakhomo.