Ndege ya ku Likoma: ola limodzi tafika, koma sutikesi yanga inatsala ku Lumbadzi

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndaichotsa chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp umene unatipeza titagona kale usiku womaliza.

Ulendowu unali mphatso ya Tsiku la Anakubala. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Johannesburg, ndiye m'malo mwa chitenje ndi mbale za chaka ndi chaka, anatilipirira ine ndi abambo akunyumba matikiti a ndege komanso malo ogona masiku atatu pachilumba. Poyamba ndinakana. Mtengo wa tikitizi amautchula m'madola, ndipo nditauwerengera m'makwacha ndinamuuza kuti ndalama imeneyo ndi ya feteleza wa minda iwiri. Anangoti, "Amayi, zalipiridwa kale, sabweza." Basi tinapita.

Ku Likoma aka sikanali koyamba. Ndinapitako kale ndi amayi anzanga a mumpingo, ulendo wa pa Ilala. Tinakwera basi ku Lilongwe m'mawa, Mzuzu madzulo, kutsetsereka kupita ku Nkhata Bay, kenako kudikira padoko titakhalira zikwama. Sitima inanyamuka usiku, n'kudzera ku Chizumulu, ndipo pofika ku Likoma tinachita kutsitsidwira m'maboti aang'ono, wina akukupondetsa thumba la ufa, wina akukupatsira mwana kuti umugwirire. Ilala ndimailemekeza. Yakhala panyanjayi kuyambira 1951 ndipo anthu a pachilumba moyo wawo wagona pa iyo: shuga, simenti, malata, ana a sukulu, zonse. Koma imadutsa kamodzi pa sabata kupita kumpoto, kamodzinso kubwerera kumwera. Munthu wa pantchito amene wapatsidwa masiku anayi okha sangapange tchuthi motsatira ndandanda yake. Apa ndi pamene ndege ili ndi ntchito, ndipo ndicho chifukwa chokha chimene ndingauzire munthu kuti atulutse ndalama zambiri chonchi.

Tsopano za sutikesi. M'kalata ya pa imelo a kampani ya ndege analembamo kuti katundu asapitirire makilogalamu 15 pa munthu, kuphatikizapo kachikwama ka m'manja, ndiponso kuti akhale m'chikwama chofewa. Mawuwa anali pansi penipeni, timalemba tating'ono, ndipo mwana wanga atatumiza kalatayo ine ndinangoyang'ana tsiku ndi nthawi. Ndinafika pabwalo la ndege la Kamuzu ndi sutikesi yanga yolimba ya mateyala, yomwe ndimapita nayo ku maukwati. Mtsikana wa pasikelo anaiyang'ana n'kunena mwaulemu ndithu kuti, "Mayi, iyi siilowa." Sikunali kukhwimitsa malamulo chabe. Malo oikamo katundu pa kandegeko ndi kabowo kopapatiza, chikwama amachita kuchifinya kuti chilowe. Ndinagwada pansi pamaso pa azungu anayi n'kumasamutsira zovala m'thumba lofewa limene anandibwereka, nsapato zina n'kuzibweza ndi mphwanga amene anatiperekeza. Mlandu ndi wanga, sindikana. Komabe munthu ukugulitsa tikiti ya mtengo wotere, kuimba foni kamodzi n'kunena kuti musabwere ndi sutikesi kukanakuvuta chiyani? Anatiyezanso ife eni ake pasikelo. Abambo anaseka, ine sindinaseke.

Ndegeyo ndi ya injini imodzi kutsogolo, mipando yake yochepa kuposa ya minibasi. Mulibe wogawa tiyi, mulibe chimbudzi, choncho pitani kokadzithandiza musanakwere. Woyendetsa ndi amene anatilandira pakhomo, kutisonyeza malamba ndi majekete oyandama, n'kutipatsa botolo la madzi aliyense. Anali mnyamata wodekha, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo ataona kuti ndagwira mpando ndi manja awiri anandiuza kuti mu Okutobala dziko likatentha mpweya umakwera, ndege imadumphadumpha pamtunda, koma tikangofika pamwamba pa madzi zisiya. Zinachitikadi momwemo. Kuchokera ku Lumbadzi mpaka kudutsa phiri la Ntchisi m'mimba munali ngati tili pa lole mumsewu wa mabampu. Phokoso la injini ndi lalikulu, kucheza sikutheka, mumangokodolana n'kulozerana pawindo.

Koma zoona pawindopo, abale, ndiye zinandibwezera mtima. Kandegeka sikakwera kwambiri ngati zikuluzikulu za ku Johannesburg zija, ndiye dziko umaliona bwinobwino: minda yososedwa kudikira mvula, utsi wa moto wolusa, midzi ya malata ikunyezimira, kenako nkhalango ya Nkhotakota yopanda nyumba ngakhale imodzi. Gombe linangotulukira mwadzidzidzi, mchenga woyera ngati mzere wa choko, ndipo kumanzere chapatali kunali kubiriwira kwa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa pakati pa dziko louma. Kuchoka apo ndi madzi okhaokha. Ndinabadwira m'dziko lino ndipo nyanjayi ndasambamo kangapo ku Salima, koma kukula kwake ndinakudziwa tsiku limenelo. Pakati pa nyanja tinaona ngati utsi wakuda ukukwera kuchokera m'madzi, ine n'kuganiza kuti bwato likupsa. Abambo anandilembera papepala kuti "nkhungu". Ndi tizilombo touluka tija timene anthu a m'mbali mwa nyanja amakola n'kuumba ndiwo.

Upangiri wanga: popita khalani kumanzere ngati mukufuna kuona Dwangwa ndi Chizumulu. Mipando sagawa ndi manambala, koma woyendetsa akhoza kukusunthani pofuna kulinganiza kulemera.

Ola limodzi lisanakwane bwino tinaona mapiri a ku Mozambique, ndipo patsinde pake kachilumba ka miyala ndi milambe. Anthu ambiri sadziwa kuti Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique ngakhale zili za Malawi. Ukaima kugombe la kum'mawa, tauni ya Cobue umaiona ndi maso. Potera ndege imatsika moyang'ana madzi mpaka umayamba kupemphera, kenako mateyala agunda pansi. Bwalo lake ndi kanyumba kamodzi. Panalibe mzere, panalibe chodikira. Thumba langa lobwereka ndinalandira m'manja kuchokera kwa woyendetsa yemweyo, ndipo galimoto ya kumalo ogona inali itaima pamthunzi. Tinadya kadzutsa ku Area 25, nkhomaliro tinadyera pamchenga ku Likoma. Nditakumbukira usiku uja wa padoko la Nkhata Bay ndinangopukusa mutu.

Za malo ogona sindichulutsa, poti ndemangayi ndi ya ulendo. Chipinda chinali chaukhondo, neti yopanda zibowo, madzi a m'nyanja oyera moti umaona timbuna tamitundumitundu tikuzungulira miyendo yako. Chakudya chinali cha alendo akunja kwambiri. Tsiku lachiwiri ndinapempha kondowole ndi usipa wofutsa, ndipo amayi a kukhitchini anasangalala ngati ndawapatsa mphatso. Kamakina kolipirira ndi khadi kanakana kawiri chifukwa cha netiweki, mwayi tinanyamula ndalama m'manja. Nyamulani inunso.

Chilumbachi ndi chaching'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, moti masiku atatu amakwana ngati sukuchita ulesi. Magalimoto ndi owerengeka. Anthu amayenda pansi kapena pa njinga zamoto, ndipo aliyense wokumana naye amapereka moni, m'Chinyanja chawo chija chimene umamva koma mawu ena n'kukudutsa. Dzuwa la Okutobala kumeneko si lamasewera. Tinkayenda m'mamawa, masana n'kubisala pansi pa mitengo ya mango, imene inali itangoyamba kulemera ndi zipatso zosapsa.

Lamulungu tinakapemphera ku St Peter's, tchalitchi chachikulu cha Anglican, ndipo ngati mukukonza ulendo wanu, ukonzeni kuti Lamulungu likupezeni pachilumba. Tchalitchichi anayamba kumanga mu 1903 amishoni a Anglican a bungwe la UMCA, n'kuchipatula mu 1911. Malo amene chaimapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ukalowa umadabwa kuti nyumba yaikulu chonchi inamangidwa bwanji pachilumba chopanda msewu wochokera kulikonse, zipangizo zambiri zikuchita kubwera pamadzi. Bambo wina wachikulire wosamalira pamalopo anatizungulitsa mapemphero atatha, n'kutisonyeza mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Anatikumbutsanso za Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 akubwerera kudzayamba ntchito yake ya ubishopu. Ulendo woyamba uja ndinalowamo m'tchalitchimu nditatopa ndi sitima, mutu ukuzungulirabe, ndipo sindinaone kanthu. Ulendo uno ndinakhala pabenchi mpaka anthu onse atatuluka. Kuimba kwa kwaya m'makoma amenewo ndi chinthu china.

Ku Mbamba, kumene kuli msika ndi doko, ndi kumene lamulo la makilogalamu 15 linandipweteka kachiwiri. Usipa wouma uli mbwee pamathandala, utaka, mtengo wake wosiyana kutalitali ndi wa ku Lilongwe. Kwathu munthu sungachoke kunyanja chimanjamanja, apongozi amva bwanji? Ndinagula kathumba kamodzi kokha, ndipo kuti kalowe ndinasiyira mtsikana wa kumalo ogona chitenje ndi nsapato zosambira. Pa Ilala ndikanabwera ndi dengu lathunthu, wondifunsa panalibe. Ndegeyi anaikonzera mlendo wonyamula kamera ndi kabudula, osati mayi wa Chimalawi amene ali ndi abale oyembekezera ndiwo.

Nayi nkhani ya nyenyezi yachisanu ija. Tikiti yathu inati tinyamuka Lolemba 11 koloko m'mawa. Tinapangana ndi mnyamata wa bwato kuti atitenge mbandakucha tikaone asodzi akubwera kuchokera kokoka usiku, kenako tisambe komaliza, tidye, tizipita. Lamulungu cha m'ma 9 koloko usiku foni inalira: ndege inyamuka hafu pasiti seveni, chifukwa ikatengenso alendo ena kwina isanapite ku Lilongwe. Palibe pepani, palibe funso loti kodi zikutheka kwa inu. Ndikumvetsa kuti tindege tating'onoti timayenda motsatira anthu amene alipo tsikulo komanso nyengo, ndipo pansi pa kalata paja analembanso kuti nthawi ikhoza kusintha. Koma pa tchuthi cha masiku atatu, m'mawa umodzi ndi gawo lalikulu la zimene walipira. Chikanakhala kuti netiweki inathawa usiku umenewo, monga inkachitira nthawi zina, bwenzi ndege itatisiya tili pabwato. Mnyamata wa bwatoyo tinamulipirabe theka, poti iye sanalakwe. Ndipo chifukwa chodzera kwinako, ulendo wobwerera unatenga pafupifupi maola awiri, kutera ndi kunyamuka kawiri, m'mimba mwanga mukudandaula.

Nditafika kunyumba ndinawalembera a kampani ya ndegeyo. Anayankha tsiku lotsatira, mwaulemu, koma yankho lake linali longondibwerezera malamulo awo.

Kodi ndingakwerenso? Ngati wolipira ndi mwana wanga, mawa lomwe. Ngati ndi thumba langa, ndingapite pa ndege n'kubwerera pamadzi, kuti popita ndisataye masiku ndipo pobwera ndinyamule usipa wanga mwaufulu. Amene ali ndi ana aang'ono kapena okalamba ovutika miyendo, ndege ndiyo yabwino, bola adziwe kuti masitepe okwerera ndi opapatiza ndipo mkati umayenda chowerama. Amene amachita chizungulire asankhe ulendo wa m'mawa kusanatenthe, ndipo apewe miyezi ya Juni ndi Julayi pamene mwera umakuntha. Pa tsiku lobwerera musaikepo pulogalamu ina iliyonse, kaya pachilumba kaya ku Lilongwe, ndipo madzulo ake muwaimbire nokha kufunsa nthawi, musadikire uthenga wawo.

Thumba lobwereka lija ndinakabweza ku Lumbadzi Lachitatu. Linali likununkhabe usipa, ndipo mtsikana wa pasikelo uja atalinunkhiza anandifunsa ngati ndamusungirako.