Kashopu kokonza malipenga ku Mbare: ndinapita ndi lipenga lomwe ndimayesa lofa

Abale anga a ku Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi konse kumene ana athu amaimba bandi ya kutchalitchi, ndati ndilembe izi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri muli ndi malipenga angoti phee pansi pa bedi, mwina valavu inalimba, mwina linagwa pakonkire n'kuphwatalala kukamwa, ndiye mwangolitaya mtima. Musalitaye. Kuli madala ena ake ku Mbare kuno ku Harare, chakufupi ndi Magaba, amakonza zinthu zimenezi ndipo ine ndakhutira nawo kwambiri ngakhale pali tina tomwe sitinandisangalatse, tonse ndinena.

Nkhani yake inayamba chonchi. Mnyamata wanga wa zaka 13 analowa bandi ya anyamata kutchalitchi kwathu, ndiye malipenga ndi ochepa amachita kulandirana, wina aimbe Loweruka lino wina Loweruka linalo, mwana n'kumabwera kunyumba nkhope ili gwa. Tsiku lina mlamu wanga anapeza lipenga lakale pa katundu wa kaunjika, lasiliva koma lodetsedwa, anangopereka ndalama zochepa n'kubwera nalo. Chimwemwe chake cha mwana osanena. Koma atapita nalo kukayeserera anabwerako akulira, akuti aphunzitsi a bandi anena kuti lipenga lake likusokoneza anzake, akadina chala chomwecho chimene anzake adina mawu ake akutuluka ena, komanso lili ndi mavalavu awiri okha pomwe a anzake ali ndi atatu. Tonse tinangoti basi latha ili, valavu inayo inathyoka kalekale.

Mayi wina wa kumvano ndi amene anandilondolera kwa madalawa. Malo ake ndi ochepa zedi, kachipinda kamodzi, chikwangwani chinafufutika, ukafuna kuwapeza umangofunsa anyamata owotcherera zitsulo kuti kodi okonza malipenga ali pati ndipo akulozera. Mkati muli fungo la oyilo ndi mankhwala opukutira mkuwa, malipenga apachikidwa pamisomali mpaka kudenga, ng'oma zong'ambika zasanjikizana pakona. Nditangopereka moni m'Chishona iwo anandiyang'ana n'kuyankha m'Chichewa, akuti amvera lilime. Bambo awo anachokera ku Nkhata Bay nthawi ya Mthandizi kudzagwira ntchito m'migodi, iwo anabadwira konkuno ndipo anaphunzira kuliza lipenga ali mwana m'bandi ya pamgodi.

Analitenga lipenga lija, kulitembenuza, kuwerenga tizilembo ta kukamwa kwake atatsitsa magalasi pamphuno, kenako anaseka chosangalala n'kunena kuti, mwana wanga, ichi sichinathyoke ayi, anachipanga chonchi, mwatola chinthu cha mbiri. Ndiye anakhala pansi kundifotokozera ndipo apa ndi pamene ndinaiwala zoti ndasiya ndiwo pamoto kwa mtsikana wanga.

Akuti ku America kuli magulu a achinyamata otchedwa drum and bugle corps, kunena kwake magulu a ng'oma ndi malipenga basi, mulibe zitoliro zamatabwa ngati klarineti kapena saksofoni. Anafala kwambiri itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mabungwe a asilikali opuma a American Legion ndi VFW, matchalitchi ndi ma Boy Scout ndi amene ankawayambitsa kuti ana asamangoyendayenda m'misewu. Poyamba lipenga lawo linalibe valavu ngakhale imodzi, ngati lija la asilikali lodzutsira m'mawa, kenako anaikako imodzi, n'kumawonjezera pang'onopang'ono malamulo akalola. La mavalavu awiri odina pamwamba ngati lathuli analiloleza cha mu 1977, la atatu mu 1990, ndipo nthawi yonseyi malipenga awo anali a kiyi ya G. Mu 2000 ndi pamene anatsegula kuti gulu lizigwiritsa kiyi iliyonse ndiye ambiri anasamukira ku B-flat, ija ya matirampeti wamba amene ana athu amaliza kutchalitchi. Ndiye chifukwa chake mwana wanga amasemphana ndi anzake, lipenga lake ndi la G, limatsika mawu kuposa la B-flat ndipo ndi mavalavu awiri pali manoti ena angapo omwe silingatulutse ngakhale uliuzire bwanji. Magulu aja atasintha anagulitsa kapena kupereka malipenga akale, ena n'kumayenda m'makontena mpaka kufika kuno kwathu.

Ine mutu unangoti zii, chinthu chimene timachiyesa chinyalala chinayendapo m'mabwalo a mpira a ku America.

Tsono madalawa ali ndi kachizolowezi kena kamene ndinakakonda. Akamagwira ntchito amafunsa mafunso makasitomala, makamaka ana, ukakhoza amakuchotsera dola imodzi pamtengo. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi mwana wanga ndipo anali atakonzekera usiku wonse pa foni yanga mpaka bandulo inatha. Funso loyamba, mpikisano woyamba wa Drum Corps International (DCI), bungwe loyendetsa mipikisano ya magulu aja, unachitika liti ndipo anapambana ndani? Mwana anayankha mosajejema, 1972 ku Whitewater, Wisconsin, anapambana Anaheim Kingsmen. Madala anawomba m'manja mpaka nyundo inagwa pansi. Lachiwiri, gulu lomwe latenga chikho kambirimbiri kuposa onse, anati Blue Devils a ku Concord, California, zoona, apitirira ka 20 ndipo mu 2014 anapeza mapointi 99.65 pa 100. Lachitatu ndi lomwe linamugwetsa, gulu lomwe linapambana mu 1991 kenako n'kusiya mipikisano kukayamba zionetsero za papulatifomu, ndi Star of Indiana, ndipo zimene anayambitsazo zinakafika mpaka ku Broadway, kumene kuli nyumba zotchuka za zisudzo ku New York. Madala anamuchotserabe madola awiri n'kumuuza kuti akawerengenso.

Pomwe ankatulutsa kuphwatalala kwa lipenga lija ndinaonerera bwinobwino. Ali ndi timipira tachitsulo tosiyana kukula tomwe amalowetsa m'kati mwa paipi, kuyamba ndi kakang'ono, kukankha, kenako kokulirapo, kwinaku akugogoda kunja ndi kanyundo kopepuka, go go go, mofatsa ngati akusisita mwana, mpaka chitsulo chibwerere m'malo. Mavalavu anawasolola n'kuwaviika, kuchotsa zobiriwira zomwe zinaundana m'timabowo ndi kaburashi, kusintha tinsalu ndi masipuling'i, kudonthezera oyilo. Pena pomwe panamasuka anawotcherera ndi kamoto kakang'ono osadetsa siliva. Atatha anapukuta pakamwa n'kuliliza. Abale, mawu ake! Owala, akuthwa, anyamata owotcherera panja paja anasiya ntchito kudzasuzumira. Akuti ndi chimene okonda G amachililira mpaka lero, kuti likalira panja limamveka kutali.

Nkhani zinapitirira kwa anthu omwe anadutsa m'magulu amenewa ali ana. Steve Gadd, woimba ng'oma wotchuka uja, anagubako ndi Rochester Crusaders, ndipo madala akuti ukamvetsera mmene manja ake amagudubuzira ng'oma yaying'ono umamva kuti munthuyu anaphunzira pa perete. Billy Cobham nayenso, wobadwira ku Panama n'kukulira ku New York, anadzera m'magulu a mtundu womwewu. Anandiuzanso za The Cadets, omwe anayamba mu 1934 ngati Holy Name Cadets pa parishi ya Katolika ku Garfield, New Jersey, anatenga chikho cha DCI ka 10 koma gululi linatsekedwa mu 2024, ndipo ponena izi nkhope yawo inagwa ngati akunena za maliro a m'bale. Madison Scouts anayamba mu 1938 ndipo kwa zaka zoposa 80 munali anyamata okhaokha, anavomereza kulandira atsikana mu 2019, pomwe Cavaliers a ku Rosemont akadali a anyamata okha. Wamkulu kwambiri m'magulu a achinyamata a DCI amakhala wa zaka 21 kapena 22, ukapitirira apo basi wakula, tsanzika. Amayenda pa basi miyezi ya June mpaka August, kugona pansi m'maholo a masukulu, kuyeserera padzuwa tsiku lonse chifukwa cha chionetsero cha mphindi 11 kapena 12, ndipo mafayinolo kuyambira 2009 amachitikira ku Lucas Oil Stadium ku Indianapolis.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi pamene anati, inu musaone ngati izi ndi zachilendo kwa ife. Malipenga a ku Nkhata Bay aja, mganda wa ku Dowa ndi ku Ntchisi, beni wa ku Mangochi, zonsezi makolo athu anatengera pa perete wa asilikali, ena atabwerako ku nkhondo ndi King's African Rifles. Analibe malipenga amkuwa ndiye anasema zikho n'kumata kautatavu ka kangaude pakabowo kuti zizilira, kuvala zoyera mbee, masokosi ofika m'mawondo, kuima m'mizere mowongoka ndi ng'oma yaikulu pakati. Anatsitsa chikho chimodzi chomwe chinali cha bambo awo, chakuda ndi ukalamba, n'kumupatsa mwana wanga kuti agwire, dzanja lina lipenga la ku America dzanja lina chikho cha ku Nkhata Bay. Ine misozi inalengeza, ndinakumbuka agogo anga aamuna akuvina beni ku Mufakose tsiku la Khirisimasi ife tili ana.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, poti ndinalonjeza. Nthawi sasunga. Anati sabata imodzi, zinatenga masabata atatu, pena chifukwa cha magetsi, pena masipuling'i anasowa m'tauni, koma vuto lenileni ndi loti foni sayankha ndiye ine ndinakwera kombi kawiri ulendo wopita pachabe, ndalama ndi tsiku zonse kupita. Risiti salemba, amangolemba dzina lako pa kapepala n'kumangirira ku lipenga ndi ulusi, ine zimenezo zinandidetsa nkhawa poona kuchuluka kwa katundu m'kachipindamo. Pokhala palibe, benchi ndi imodzi. Ndipo ngati muli pachangu, nkhani zawo sizidukiza, muzipita tsiku lomwe mulibe zochita zambiri.

Mtengo ndinalipira madola 18 atachotsa awiri aja, amafuna kashi, ndipo kwa ntchito yomwe ndinaona ndi maso anga ndi wabwino kwambiri. Chomwe ndinawalemekezera koposa ndi chilungamo. Akanatha kungondiuza kuti lipengali ndi lopanda ntchito n'kuligula motchipa, poti iwo amadziwa chimene lili, koma anandiuza zoona, kuti m'bandi ya kutchalitchi lizivutabe, mwana afunika la B-flat, koma ili musaligulitse kwa wina aliyense. Anatibwereka tirampeti yakale ya mavalavu atatu kwa miyezi iwiri popanda kulipira mpaka tipeze yathu, n'kumulembera mwana papepala mmene angadinire lija la G akafuna kuimba yekha kunyumba.

Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodziyo ndachotsa chifukwa cha foni ija. Aphunzitsi a bandi yathu apititsa kale kwa madalawa malipenga atatu ndi ng'oma imodzi. Mwana wanga akupitanso Loweruka likubwerali kukabweza yankho, madala anamupatsa funso loti akafufuze kuti ndi magulu awiri ati omwe anafanana mapointi pa nambala wani mu 1996, ndipo walemba kale kuseri kwa kope lake la masamu, Blue Devils ndi Phantom Regiment.