Savage Impulse ya .308: ndemanga ya mlimi wamanzere

Mfuti iyi ndi ya bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope n'kutseka kumbuyo kwake) yongokoka ndi kukankha, yosatembenuza. Ndimaigwiritsa ntchito poteteza chinangwa ndi chimanga changa kwa nguluwe cha ku Lusangazi, kunja kwa Mzuzu. Ndili ndi chiphaso cha kupolisi, ndipo za nyama zowononga mbewu ndimayamba ndadziwitsa a zanyama zakutchire. Amene alibe mapepala amenewa ayambire kumeneko asanaganize zogula.

Ambirife tinakulira pa mfuti ya .303 ya Lee-Enfield. Pa imeneyo umakweza chogwirira, kukoka, kukankha, kenaka kutsitsa, ndipo potsitsapo mano awiri achitsulo amalowa m'malo mwake n'kutseka. Mano a Lee-Enfield ali kumbuyo kwa bolt, pomwe a Mauser ya 1898 ali kutsogolo, pafupi ndi chipolopolo, ndipo mfuti zambiri zosakira mpaka lero zimatsata nzeru ya Mauser. Impulse, imene inatuluka mu 2021, ilibe mano otere. Kumutu kwa bolt kuli timipira tachitsulo 6 tonga ta m'habu ya njinga. Ukakankha chogwirira mpaka kumapeto, kachitsulo kamkati kamakankhira timipirato kunja, n'kulowa mumzere wosemedwa m'chitsulo cholumikizana ndi mpope. Kachitsuloko kakadali pamalo pake, timipirato sitingabwerere mkati. Eni ake, a kampani ya Savage, katsekedwe kameneka amati Hexlock. Nzeruyi si yatsopano ayi: Heym SR 30 ya ku Germany inayamba kale kutseka ndi timipira, pomwe Blaser R93 ya 1993 imatseka ndi mkombero wa timasamba tachitsulo totambasuka.

Ndisabise, poyamba mtima unkakana kukhulupirira timipira ting'onoting'ono pamaso pa mphamvu ya chipolopolo cha .308, nkhope yako ili kumbuyo kwa bolt komweko. Mtima unakhala pansi nditaichotsa bolt, n'kuisewera m'manja masana, ndi kuona ndi maso anga mmene timipira timatulukira ndi chimene chimatigwira. Aliyense wogula achite zimenezi asanaombe n'kamodzi komwe.

Chimene chinandipangitsa kugula mfutiyi ndi dzanja langa. Ndine wamanzere, ndipo zaka zonsezi ndinkadutsitsa dzanja pamwamba pa mfuti kukafuna chogwirira cha kumanja, diso n'kuchoka pa scope (galasi loonera patali polunjika), nguluwe yapita kalekale m'tchire. Pa Impulse chogwirira chimachoka n'kuikidwa mbali ina, ndipo ungachipendeke mmene dzanja lako likufunira. Makoko a zipolopolo amatulukirabe kumanja, koma ine sizindisokoneza. Tsopano tsaya limakhala pamtengo, diso pa scope, dzanja likungopita kumbuyo ndi kutsogolo. Kwa munthu woombera madzulo kukuchita chisisira, pamene chipolopolo chachiwiri n'chimene chimapulumutsa nyama yovulala ku imfa yozunzika, ichi n'chinthu chachikulu. Sindifuna kusiya nguluwe yovulala ikuyenda pafupi ndi midzi kumene ana amadutsa popita kusukulu.

Bolt iyi imafuna dzanja lolimba. Ukamaikoka mwamantha imamveka ngati ikulimbana nawe, koma ukaikoka ndi mphamvu ndi kuikankha mpaka ithe, imayenda bwino. Zimatenga nthawi kuti dzanja liiwale chizolowezi chokweza. Ukafuna kutsegula usanaombe, pali kabatani kumbuyo kwa chogwirira koyenera kudina kaye. Phunzirani kameneka mfuti ili yopanda zipolopolo. Magazini yake, kabokosi kosungira zipolopolo, imachoka. Kulunjika kwake kuli bwino, pa mamita 100 sindidandaula.

Ndi yolemererako. Ndi scope imapitirira makilogalamu 4, ndipo pokwera zitunda za kwathu kuno phewa limamva.

Nyengo ya Mzuzu ndiyo ofuna kugula ayenera kuiganizira kwambiri. Mvula yathu imachedwa kusiya, mpaka mu Epulo ikadali kugwa, kenaka nkhungu ndi mame a m'mawa. Chilimwe chikafika ndi fumbi la dothi lofiira. Mano awiri a .303 umangowapukuta ndi kansalu basi. Pano pali timipira 6 ndi mzere wake wobisika mkati, ndiye ndikabwera kumunda ndimachotsa bolt, kutsuka mzerewo ndi kaburashi, n'kupaka mafuta pang'ono chabe, chifukwa mafuta ambiri amakoka fumbi. Dzimbiri silinagwirepo, koma n'chifukwa choti sindigona ndisanaipukute. Ndipo kachitsulo kena kakatha, kuno simudzakapeza pashelefu. Mudzadikira wogulitsa wovomerezeka aitanitse kunja.

Kwa anzanga amanzere, ndi kwa amene amafunikadi chipolopolo chachiwiri mwachangu, ndikuti gulani, simudzanong'oneza bondo. Koma achimwene akumanja amene muli ndi mfuti ya mano a Mauser yoyenda bwino, ndalamazo kaguleni scope yoona bwino madzulo ndi zipolopolo zophunzirira.