Diso la woyimbira, wotchi ya pagolo, VAR kapena khadi la mphunzitsi: tidalire chiti?

Mkangano wa VAR, njira yothandiza woyimbira poonera kanema, umavuta kutha chifukwa timaponya zinthu zosiyana m'thumba limodzi. Wina akati makina aononga mpira, mnzake n'kumati ayi aupulumutsa, nthawi zambiri sakukamba za chipangizo chimodzi. Pa mipikisano ya mayiko payesedwa njira zingapo zothandizira woyimbira, ndipo sizifanana mphamvu. Ine ndimaziyeza ndi mafunso awiri. Kodi njirayi ikuyankha funso lokhala ndi yankho limodzi lokha? Nanga ikutilanda nthawi ndi chisangalalo chochuluka bwanji?

Tiyambe ndi njira yakale: woyimbira mmodzi, onyamula mbendera awiri, basi. Ubwino wake palibe angaukane. Mpira umayenda, chigoli chikalowa mumalumpha nthawi yomweyo, ndipo malamulo a pa Chikho cha Dziko Lonse amakhala omwewo a pa bwalo la fumbi kumudzi. Koma tisaiwale zomwe inatichita. Mu 1986 ku Mexico City, Diego Maradona anamwetsa England chigoli ndi dzanja, woyimbira wa ku Tunisia Ali Bin Nasser osaona. Mu Novembala 2009 Thierry Henry anakonza mpira ndi dzanja asanapatsire William Gallas, France n'kupita ku South Africa, Ireland n'kutsala pakhomo.

Tsiku limene njirayi inathera ulemu ndi pa 27 Juni 2010. Masana ku Bloemfontein, Germany ikutsogola 2-1, mpira wa Frank Lampard wa England unamenya chitsulo chapamwamba, n'kudunda m'kati mwa golo poonekeratu, kenako n'kubwerera. Goloboyi wa Germany Manuel Neuer anangouwakha n'kuuponya kutsogolo ngati palibe chachitika, ndipo woyimbira Jorge Larrionda anati pitirizani. England inagonja 4-1. Usiku wa tsiku lomwelo ku Soccer City, Carlos Tevez wa Argentina anamwetsa Mexico chigoli ali pa ofusayidi yoonekera ngakhale kwa mwana. Chithunzi chinabwerezedwa pa sikirini yaikulu ya m'bwalo, osewera a Mexico akuloza, anthu onse akuona, koma malamulo sankalola woyimbira Roberto Rosetti kusintha chigamulo chifukwa cha kanema. Munthu yekhayo woletsedwa kugwiritsa ntchito zimene bwalo lonse laona anali yemwe ali ndi wenzulo pakamwa. Amene amafuna tibwerere kumeneko ndimawamvetsa, koma sindili nawo.

Bungwe la UEFA linayesa kungoonjezera maso, kuimika woyimbira wina pambali pa golo lililonse. Pa Euro 2012 ku Donetsk, mpira wa Marko Devic wa Ukraine unadutsa mzere John Terry wa England asanauchotse, woyimbira woonjezerayo ataima pomwepo, osaona. Njirayi inapitirira zaka zina zingapo, kenako inasiyidwa.

Makina a pamzere wa golo ndiye njira yomwe ndilibe nayo mlandu. Bungwe la IFAB, losunga malamulo a mpira, linawavomereza mu Julaye 2012, ndipo ku Brazil mu 2014 makamera 14, asanu ndi awiri pa golo lililonse, ankalondola mpira. Ukangodutsa wonse, wotchi ya pamkono pa woyimbira imanjenjemera pasanathe sekondi. Pa masewero a France ndi Honduras mpira wa Karim Benzema unamenya chitsulo, n'kugunda goloboyi Noel Valladares, n'kulowa pang'ono chabe, ndipo chigoli chinaperekedwa. Palibe kuthamangira pa sikirini, palibe kudikira. Chinsinsi chake n'chakuti funso lomwe makinawa amafunsidwa ndi limodzi: wadutsa kapena sunadutse? Vuto lawo ndi mtengo, komanso kuti sakanathandiza Ireland ngakhale Mexico.

VAR ndi nkhani ina. Inalowa m'malamulo mu Malichi 2018 n'kuyamba pa Chikho cha Dziko Lonse ku Russia chaka chomwecho. Papepala malire ake ndi omveka. Pamene inkayamba, inaloledwa kulowerera pa zigoli, mapenate, khadi yofiira yachindunji, ndi pamene woyimbira walanga wosewera wina m'malo mwa yemwe walakwa, ndipo izitero pokhapokha cholakwacho chili choonekeratu kapena pali chachikulu chomwe woyimbira sanaone. Pa zinthu za mtundu wa dzanja la Henry, VAR ndi dalitso lenileni. Chigongono chomenyedwa mobisa, wosewera wodzigwetsa yekha, dzanja lobisika kuseri kwa khamu la osewera, zonsezi tsopano zimagwidwa.

Mavuto amayamba pamene funso si lakuti chachitika n'chiyani, koma lakuti chachitikacho n'chachikulu mokwanira kodi. Pa ndime yotsiriza ya 2018 ya France ndi Croatia, mpira unagunda dzanja la Ivan Perisic wa Croatia pa kona. Woyimbira Nestor Pitana anapita pa sikirini, anayang'ana, anayamba kubwerera, n'kutembenukanso kukayang'ana kachiwiri, kenako n'kuloza penate. Ngati munthu akufunika kuonera kangapo chonchi, cholakwacho chinali choonekeratu bwanji? Mpaka lero akatswiri sagwirizana. Mpikisano umenewo unatha ndi mapenate 29, ochuluka kuposa pa Chikho china chilichonse cham'mbuyo.

Ife a Malawi tili ndi bala lathu pa nkhaniyi. Pa 18 Januwale 2022 ku Bafoussam, Flames ikulimbana ndi Senegal pa Afcon, Gomezgani Chirwa anagwa m'bokosi atapanikizidwa ndi Bouna Sarr. Woyimbira wa ku Cameroon Blaise Ngwa analoza penate, koma ataitanidwa kukaonera kanema anasintha. Masewero anatha 0-0. Penateyo ikanalowa, Flames n'kupambana, ikanatsogolera gulu ndi mapointi 6, pamwamba pa timu yomwe pambuyo pake inatenga chikho. Sindikunena kuti inali penate yosakayikitsa. Ndikunena kuti woyimbira anali pafupi, anaona kukhudzana, anagamula, ndipo kanemayo sanaonetse chinthu chatsopano chomwe chikanatseka pakamwa aliyense. Anangopatsa munthu yemweyo mpata woganizanso, dziko lonse likumuyang'ana, ndipo mnzake wa m'chipinda atamuuza kale m'khutu kuti bwerani mudzaone. Kuitanidwa kokhako ndi chikakamizo. Ndi oyimbira ochepa amene amachoka pa sikirini ataima pa mawu awo oyamba.

Pali chinanso. Kanema woyendetsedwa pang'onopang'ono amanama mwa njira yake. Kukhudza kwa chala kumaoneka ngati kukankha, phazi lofika mochedwa pang'ono limaoneka ngati la dala. Ndipo VAR siichiza chilichonse chomwe chili kunja kwa malire ake. Pa Afcon yomweyo ku Limbe, Janny Sikazwe wa ku Zambia anathetsa masewero a Mali ndi Tunisia pa mphindi 85, anayambitsanso, n'kuwathetsanso mphindi 90 zisanakwane. Makamera onse analipo. Iye anafotokoza pambuyo pake kuti kutentha kunamusokoneza thupi. VAR ikafa nayonso imabweretsa chipwirikiti choposa kusakhalapo kwake: mu 2019 pa ndime yotsiriza ya CAF Champions League ku Rades, Wydad inakana kupitiriza masewero ndi Esperance chigoli chawo chitakanidwa, atapeza kuti VAR siikugwira ntchito.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kuzizira kwa chigoli. Kale ukonde ukagwedezeka mumangoyang'ana mbendera, n'kuyamba kuvina. Pano wogoletsa amathamanga theka, maso ali pa woyimbira wogwira khutu. Ku Qatar mu 2022 Antoine Griezmann wa France anabweza chigoli kwa Tunisia kumapeto, wenzulo womaliza analira, ndiyeno chigolicho n'kufafanizidwa. Anthu ena anachoka pa kanema akudziwa kuti yatha 1-1, pamene Tunisia inapambana 1-0.

Makina a ofusayidi omwe anagwiritsidwa ntchito pa Chikho cha Dziko Lonse ku Qatar akuyandikira kwa a pamzere wa golo, chifukwa nawonso amayeza malo, osati mtima wa wosewera. Kumeneko makamera 12 ankalondola malo 29 pa thupi la wosewera aliyense maulendo 50 pa sekondi, ndipo kachipangizo ka m'kati mwa mpira kankanena nthawi yeniyeni yomwe wamenyedwa. Anakana chigoli cha Enner Valencia wa Ecuador mphindi zoyambirira za masewero otsegulira. Amafulumira kuposa kujambula mizere ndi manja, ndipo sayang'ana jezi. Ambiri amadandaula kuti akukana zigoli chifukwa cha phewa kapena nsonga ya nsapato. Dandaulo ndi lomveka, koma lipite kwa olemba lamulo. Makinawo angoonetsa kuti lamulo la ofusayidi linalembedwera diso la munthu.

Njira yatsopano ndi Football Video Support, yomwe FIFA inayesa mu 2024 pa Chikho cha Dziko Lonse cha atsikana osapitirira zaka 20 ku Colombia, ndiponso mu 2025 pa cha anyamata ku Chile. Apa palibe gulu la oyimbira lokhala m'chipinda kumasuzumira chilichonse. Mphunzitsi ndiye amapempha, pozunguliza chala m'mwamba n'kupereka khadi kwa woyimbira wachinayi. Ali ndi mwayi kawiri, ndipo akakhoza mwayiwo suchepa. Zofooka zake zilipo: makamera amakhala ochepa, mphunzitsi amaima patali ndi golo, ndipo wochenjera angathe kuponya khadi kungofuna kuziziritsa masewero. Komabe ndikaiyika pambali pa VAR, ine ndikusankha iyi. Kuima kwa masewero kumakhala ndi malire. Amene wapempha ndi wodandaula mwini, osati mawu osaoneka a m'khutu, motero woyimbira amapita pa sikirini popanda kuuzidwa kale kuti walakwa. Kuphatikiza ndi wotchi ya pagolo, makina a ofusayidi pomwe ndalama zilipo, ndi woyimbira kulengeza chigamulo pa chinkuzamawu monga zinachitikira pa Chikho cha amayi cha 2023, ndikuona kuti tingapeze chilungamo chokwanira popanda kupha chikondwerero.

Ndipo kwa ife mu Africa mtengo ndi nkhani yaikulu, chifukwa masewero ambiri olimbirana malo opitira ku zikho akhala akuseweredwa popanda VAR n'komwe. Mu Novembala 2016 ku Polokwane, Joseph Lamptey wa ku Ghana anapatsa South Africa penate ponena kuti Kalidou Koulibaly wa Senegal wagwira mpira, pamene unamugunda pa bondo. Kamera imodzi ndi khadi m'manja mwa Aliou Cissé, yemwe anali mphunzitsi wa Senegal, zikanathetsa nkhaniyo m'mphindi imodzi. M'malo mwake zinatenga chaka chathunthu: FIFA inaletsa Lamptey kuyimbira moyo wake wonse, masewero anabwerezedwa mu Novembala 2017, ndipo Senegal inapambana 2-0 n'kupita ku Russia.